Loya akufuna ndikachite umboni pa imfa ya m'ambulansi, kodi ndivomere?

Funso: Ndine clinical officer kuno ku Zomba, ndagwira ntchito ku casualty ndi ku matenite zaka 12. Loya wina wandipempha kuti ndiwerenge mafailo a mayi amene anamwalira m'ambulansi atangobereka, akuchokera ku chipatala chaching'ono cha m'boma lina, ndilembe lipoti, mwinanso ndikaime m'khothi ngati katswiri. Abale a malemu akufuna chipukutamisozi. Mtima wanga uli pawiri. Ntchito imeneyi imakhala yotani, ndipo kodi sindikhala ngati ndikugulitsa anzanga?

Yankho: Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambira funso lanu lachiwirilo chifukwa ndikudziwa kuti ndi limene likukusowetsani tulo. Inenso tsiku limene loya anandibweretsera failo yoyamba ndinaitsekera m'kabati masabata awiri ndisanaitsegule. Lero ndikuti vomerani, koma muvomere mukudziwa kuti mukaima kutsogolo kwa woweruza simukhala wa abale a malemu, simukhala wa loya amene akulipireni, ndiponso simukhala wa anzathu a yunifolomu yoyera. Mukhala wa khothi. Woweruza malamulo amawadziwa, koma sanasisitepo chiberekero cholobodoka pakati pa usiku magetsi atazima, akuunikira ndi tochi ya pafoni. Mwaitanidwa kuti mum'bwereke maso anu. Mukakana inu amene mukuidziwa ntchitoyi, failoyo ipita kwa munthu amene sanagonepo pa chipatala chaching'ono, ndipo mzamba amene anathandiza mayiyo akayezedwa ndi muyezo wa m'buku.

Inu ndi mboni zinazo simufanana. Gadiyani amene anali m'galimoto, dalaivala, mzamba amene anaperekeza wodwala, onsewo akanena zimene anaona ndi kumva, ndipo akayamba kupereka maganizo awo amaletsedwa. Inu kunalibeko, simunaone kanthu, komabe ndinu amene mumaloledwa kunena kuti "m'kuona kwanga". Chilolezo chimenechi chili ndi malamulo ake. Mu 1993, pa mlandu wa inshuwalansi ya sitima yapamadzi yotchedwa Ikarian Reefer ku England, woweruza Cresswell anafotokoza udindo wa katswiri, ndipo mawu akewo amatchulidwa mpaka lero m'maiko amene malamulo awo anachokera kumeneko ngati ife. Maganizo akhale anuanu, osakometsedwa kuti mbali ina ipambane. Nenani mfundo zimene mwatsamirapo, musabise mfundo yofooketsa maganizo anu, ndipo funso likadutsa malire a zimene mumadziwa, nenani choncho. Bwalo lalikulu la milandu m'dziko muno limayendera malamulo a mu 2017 pa milandu yosakhudza upandu. Uzani loyayo akuonetseni gawo lonena za akatswiri, muliwerenge nokha musanalembe ndi liwu limodzi lomwe.

Musanalandire failo funsani maina. Ife azachipatala m'Malawi muno tinaphunzira m'masukulu owerengeka omwewo, ndipo Zomba ndi wamng'ono: munthu amene mwalemba za iye Lolemba mukumana naye Loweruka pa Mpondabwino akugula matemba. Ngati mzambayo ndi mnzanu wa kusukulu, ngati munam'phunzitsapo, ngati munakanganapo, kapena ngati wodwalayo anafikira pa chipatala chimene mukugwira inu, nenani poyamba pomwe. Nthawi zina kunenako n'kokwanira, nthawi zina muyenera kuisiya failoyo. Ndipo ngati muli pa ntchito ya boma pomwe wosumiridwa ndi boma lomwelo, kudzera kwa Attorney General, mkulu wa maloya a boma, dziwitsani akuluakulu anu molemba. Zimenezi zikadzatulukira m'khothi kuchokera pakamwa pa loya wa mbali inayo, umboni wanu wonse umafera pomwepo.

Tsopano ntchito yeniyeni. Milandu ya chithandizo cha mwadzidzidzi ndi milandu ya mphindi. Pa matenda a mgonagona anthu amakangana za mankhwala ndi za kupima, koma pa ambulansi funso limene limabwerabwera ndi lakuti "inali nthawi yanji?" Choncho choyamba chimene ndimachita ine, ndisanaganize zoti wina analakwa kapena ayi, ndi kutenga pepala lalikulu n'kulemba mzere wa nthawi. Mwana anabadwa nthawi yanji, nsengwa inatuluka nthawi yanji, magazi anayamba kuoneka ochuluka liti, jakisoni wa oxytocin, wothandiza chiberekero kuumbika kuti magazi asiye kutuluka, anabayidwa liti, diripi inaikidwa liti, foni yoitana ambulansi inaimbidwa liti ndipo anayankha ndani, galimoto inanyamuka liti kumene inali, inafika liti, inachoka liti, mayiyo anasiya kuyankha ali pati. Pambali pa nthawi iliyonse ndimalemba pepala limene ndaitenga. Mudzafuna buku la kuchipatala la mayiyo, patogalafu (pepala lolembapo mmene kubereka kukuyendera), kaundula wa ku matenite, kalata yotumizira wodwala, logibuku ya dalaivala ndi makilomita ake, mapepala a mafuta, rosita ya usiku umenewo, kaundula wa kumene anafikira, ndi mndandanda wa mafoni amene anaimbidwa ngati ungapezeke.

Mukaziika pamodzi mudzaona kuti mawotchi sagwirizana. Wotchi ya pakhoma imatsalira, mzamba analemba zonse m'mawa ntchito itatha chifukwa manja onse awiri anali m'magazi, dalaivala amalemba maola athunthu okhaokha, gadiyani amakumbukira kuti "tambala anali asanalire". Kusiyana kwa mphindi zisanu kapena khumi si bodza, ndi mmene usiku wotere umakhalira, ndipo muyenera kulifotokozera khothi zimenezi kuti munthu asapachikidwe chifukwa cha wotchi. Koma kusiyana kwina n'kwa mtundu wina. Failo ina imene ndinawerengapo inali ndi BP ya 110/70 yolembedwa kanayi motsatizana, dzanja limodzi, cholembera chimodzi, zilembo zowongoka bwino, chonsecho akuti zinalembedwa m'galimoto yothamanga pa msewu wafumbi, ndipo wodwala anafika alibe BP yomveka. Mtima wanga unafuna kulemba kuti manambalawo ndi opeka. Sindinalembe choncho. Ndinalemba kuti manambalawo sakugwirizana ndi mmene wodwala analili pofika, ndinafotokoza chifukwa chake mwa zachipatala, n'kusiyira pomwepo. Kunena kuti uyu wanama ndi ntchito ya woweruza.

Nkhani ya mapepala osinthidwa si ya kuno kokha. Pa mlandu wa Kent ndi Griffiths, umene bwalo la apilo ku England linagamula mu 2000, mayi woyembekezera amene anali ndi mphumu anadikira ambulansi ya ku London pafupifupi mphindi 40, anasiya kupuma asanafike kuchipatala, ubongo unawonongeka ndipo mimba inachoka. Khothi linapeza kuti nthawi yofikira imene inalembedwa m'mapepala a ambulansi inali yabodza, ndiponso linagamula kuti a ambulansi akangovomera kuti akubwera ndiye kuti asenza udindo pa wodwalayo. Mlandu umenewu uwerengeni, chifukwa loya aliyense wokonzekera bwino akautchula.

Chinanso, msewuwo muuyende nokha ngati n'kotheka. Inu a ku Zomba mukudziwa kuti ulendo wochokera ku Chingale kapena kugombe la nyanja ya Chilwa mu Ogasiti si wofanana ndi ulendo womwewo mu Febuluwale. Makilomita a pa mapu sanena za mtsinje wosefukira kapena matope oti galimoto kutitimira. Funsani kuti mvula inali bwanji sabata imeneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gawo limeneli ndi limene limadya nthawi yambiri ya katswiri.

Mzere wa nthawi ukaima, funso loyamba la khothi ndi lakuti kodi chithandizocho chinafika pa muyezo woyenera? Muyezo umene makhothi amagwiritsa ntchito unachokera pa mlandu wa Bolam wa mu 1957, pomwe woweruza McNair ananena kuti wachipatala sanalekerere ngati wachita zimene gulu lodalirika la anzake odziwa ntchito yomweyo lingavomereze kuti n'zoyenera, ngakhale ena akanachita mosiyana. Mu 1997, pa mlandu wa Bolitho, oweruza ena a ku England anawonjezera kuti khothi likhoza kukana maganizo a akatswiri ngati sakumveka mwanzeru. Ndiye kungonena kuti "timatero tonse" sikukwanira, muyenera kusonyeza chifukwa chake kutero kuli kwanzeru. Onani bwino apa: funso si lakuti inu mukanachita chiyani. Inu muli ndi zaka 12, muli ndi fiyeta pafupi, labu ndi magazi. Funso ndi lakuti mzamba wodziwa ntchito yake, ali pa chipatala chaching'ono, ndi zimene zinalipo usiku umenewo, akanachita chiyani. Ndipo inu mukuwerenga failo mukudziwa kale kuti mayiyo anamwalira, choncho chizindikiro chilichonse chikuoneka chofuula. Iye pa 1 koloko usiku sankadziwa mathero ake, mwina analinso ndi amayi ena awiri ali pa matenda. Ine ndimaphimba masamba akutsogolo ndi pepala n'kumawerenga tsamba limodzilimodzi, ndikudzifunsa kuti pofika pano chodziwika chinali chiyani.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzathu ena, ndipo ndinena mosabisa. Ena amati popeza zipatala zathu n'zosowa zinthu, palibe wachipatala amene ayenera kufunsidwa kanthu. Ine ndikukana. Kusowa kulipo ndithu, koma sikuphimba zonse. Kugwira mtsempha wa pamkono n'kuwerenga kugunda kwa mtima sikufuna mafuta a galimoto. Kusisita chiberekero, kuchotsa mkodzo ndi katheta, kuyang'ana ngati nsengwa yatuluka yonse kapena ngati pali pong'ambika, kupanikiza chiberekero ndi manja awiri, kuimba foni msanga, kukwera kumbuyo pamodzi ndi wodwala m'malo mokhala kutsogolo ndi dalaivala, zonsezi zili m'manja mwa munthu. Mayi akataya magazi okwana 500 ml atabereka, aliyense wophunzira uzamba amadziwa kuti nkhondo yayamba. Amadziwanso kuti mayi wachitsikana wathanzi amatha kutaya magazi ambiri BP ili chiimire, kuti choyamba kusintha ndi kuthamanga kwa mtima, kenako ludzu, kusakhazikika ndi kuzizira kwa manja, ndipo BP ikamadzagwa thupi limakhala litatopa kale. Mukapeza failo yokhala ndi BP yokha popanda pulse, kugunda kwa mtima kuja, imani pamenepo muganize. Sitinganene kuti kusankha wodwala woyamba kuthandizidwa n'kwachilendo kwa ife, pomwe njira ya ETAT imene bungwe la WHO linafalitsa m'maiko ambiri inakulira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre konkuno.

Koma mbali inayo muinenenso ndi mphamvu yomweyo. Ngati ambulansi inalibe mafuta, ngati inali imodzi yokha ndipo inali itapita kukatenga wodwala wina, ngati oxytocin, amene amafunika kusungidwa mozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, anakhala m'filiji yakufa, ngati tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi amene amathandiza akaperekedwa pasanathe maola atatu, munalibe m'kabati, ngati mzamba anali yekha ndipo kuperekeza wodwala kunatanthauza kusiya amayi ena opanda munthu, zimenezo si mlandu wa mzambayo. Zikhoza kukhala mlandu wa amene amayendetsa chipatalacho, ndipo khothi ndi limene lidzaone. Ntchito yanu ndi kulekanitsa mitolo iwiriyi bwinobwino, uwu wa m'manja mwa munthu, uwu wa m'manja mwa oyang'anira. M'mafailo amene ine ndawerenga, kulekanitsa kumeneku n'kumene kwateteza anzathu kuposa kukhala chete. Ndiye za kugulitsa anzanu zija, yankho langa lagona pamenepa.

Funso lachiwiri la khothi ndi limene abale a malemu amavutika nalo kwambiri, ndipo inunso lidzakupwetekani. Ngakhale kulekerera kutapezeka, kodi ndi kumene kunapha munthuyo? Pa mlandu wa Barnett ku London, alonda atatu a usiku anamwa tiyi m'mawa wa tsiku la chaka chatsopano mu 1966, anayamba kusanza, napita ku casualty. Dokotala sanabwere kudzawaona, anangouza namwino pafoni kuti apite kwawo akaonane ndi madokotala awo. Mmodzi anamwalira patapita maola ochepa, tiyi uja anali ndi poizoni wa arsenic. Khothi linapeza kuti dokotalayo analakwa posamuona wodwala, koma mkazi wa malemu sanapambane, chifukwa ngakhale akanagonekedwa, mankhwala opha poizoniyo sakanafika pa nthawi yake. Pa failo yanu mudzafunsidwa chimodzimodzi: ambulansi ikanafika ola limodzi m'mbuyo, mayiyu akanakhala moyo? Pa milandu yotere khothi silifuna chitsimikizo chopanda chikaiko ngati pa mlandu wakupha, limangoona mbali imene sikelo yapendekera. Choncho mawu akuti "mwina akanapulumuka" sathandiza aliyense. Muyenera kunena ngati kupulumuka kunali kothekera kwambiri kuposa kumwalira, ndipo mufotokoze chifukwa: anali atataya magazi ochuluka bwanji pa nthawiyo, anali ndi magazi ochepa kale ali woyembekezera, kumene ankapitako kunali magazi ndi fiyeta yokonzeka. Werenganinso kuchedwa kumene kunachitika mayiyo asanafike n'komwe pachipatala, pakhomo ndi panjira, ngakhale loya wanu sadzakondwa kukumva. Ngati thupi silinapimidwe, monga zimakhalira kawirikawiri kwathu kuno poti abale amafuna kukaika maliro msanga, lembani poyera kuti choyambitsa imfa mwachitenga pa zizindikiro zokha, ndipo tchulani zina zimene zikanatha kupha mayi wotere, monga kuphulika kwa chiberekero.

Khalani m'munda mwanu. Zaka 12 za casualty ndi matenite zikukupatsani mphamvu yonena za kutaya magazi, za diripi, za katumizidwe ka wodwala. Sizikukupatsani mphamvu yonena za mabuleki a galimoto kapena za kuchuluka kwa ndalama zimene banja lataya. Ku England mu 1999 dokotala wotchuka wa ana, Roy Meadow, anauza khothi pa mlandu wa Sally Clark kuti mwayi woti makanda awiri afe okha mwadzidzidzi m'banja ngati limenelo unali umodzi pa 73 miliyoni. Iye sanali katswiri wa masamu a chiwerengero, nambalayo inali yolakwika, ndipo mayiyo anakhala m'ndende zaka zoposa zitatu asanamasulidwe mu 2003. Kumbukiraninso kuti chimene mwasaina monga wachipatala, a Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira azachipatala, akhoza kukufunsani nacho.

Lipoti lilembeni m'mawu oti munthu wosaphunzira zachipatala amve. Yambani ndi kunena kuti ndinu ndani, mwapatsidwa mapepala ati, ndi ati amene munapempha koma sanapezeke. Zimene mwawerenga zikhale pazokha, maganizo anu pawokha. Loya ali ndi ufulu wokuuzani kuti ndime iyi siikumveka kapena kuti funso ili simunaliyankhe. Alibe ufulu wokuuzani kuti muchotse ndime chifukwa ikuwononga mlandu wake. Zinandichitikirapo, mwaulemu ndithu, pa kapu ya tiyi, ndipo ndinayankha kuti ngati lipotilo silikuwathandiza akhoza kusaligwiritsa ntchito, koma lisinthidwe ayi. Za malipiro gwirizanani molemba musanayambe, powerengera maola amene mugwire, kuphatikizapo masiku a kukhothi ndi thiransipoti. Musavomere zoti mudzalandira mlandu ukapambana, kapena gawo la chipukutamisozi. Funso loyamba la loya wa mbali inayo limakhala la ndalama, ndipo muyenera kutha kuliyankha mutayang'ana kutsogolo. Failo ya wodwala ndi chinsinsi ngakhale mwini wake anamwalira: isalowe pa gulu la WhatsApp la anzanu a kuntchito, ngakhale mutafufuta dzina.

Milandu yambiri imathera pa kukambirana pamaso pa mkhalapakati, ndipo lipoti lomveka bwino ndi limene limafulumizitsa zimenezo. Koma ukafika m'bwalo, kaya pa High Court ya ku Zomba konkuno kaya kwina, konzekerani kudikira ndi kuimitsidwa kangapo. Mlandu suola, mukhoza kuitanidwa patapita zaka mutaiwala kale, choncho sungani zolemba zanu zonse pamalo otsekedwa. Poyankha yang'anani woweruza, osati loya amene wafunsa. Mverani funso lonse, yankhani lomwelo, kenako khalani chete. Loya wa mbali inayo adzayesa kukukwiyitsani, adzakufunsani ngati inu simunatayepo wodwala, ngati simunalembepo failo m'mawa ntchito itatha. Nenani zoona, tonse zinatichitikira. Akakuonetsani pepala latsopano limene likusintha maganizo anu, vomerani pomwepo kuti lasintha. Zokambirana zimakhala m'Chingerezi ndipo womasulira amatembenuzira abale, ndiye lankhulani pang'onopang'ono ndi ziganizo zazifupi. Bambo wa ana aja adzakhala pa benchi kumbuyo kwanu, ndipo mwina aka kadzakhala koyamba kumva mwatsatanetsatane zimene zinachitikira mkazi wake usiku umenewo. Mzamba uja nayenso adzakhala pomwepo. Pakhonde apatseni moni onse awiri, koma za mlandu musakambe ndi aliyense wa iwo.

Ngati mwaganiza zovomera, muimbireni loyayo sabata ino mum'uze kuti alembe kalata yopempha logibuku ya ambulansi, mapepala a mafuta, rosita ya mwezi umenewo ndi kaundula wa kutentha kwa filiji ya mankhwala. Failo ya wodwala anthu amaisamala, koma mabuku enawa akadzaza amaponyedwa m'sitolo momwe muli chiswe ndi denga lodontha, ndipo dzinja limodzi likadutsa simudzawapezanso.